Kulila kwa injini si kupola

Kuseli kwa nyumba zambili ku Matero, ku Chilenje, ku Mandevu, olo ku Kapata kuja ku Chipata, kuli njinga zamoto zimene zinaleka kuyenda ife tikali ku pulaimale. Yamaha DT125, Yamaha AG100, Suzuki TS185. Matayala anaphwa kale, mpando unang'ambika, nkhuku zinapezapo pogona. Ni njinga zimene alangizi a zaulimi na anchito a zaumoyo anali kuyendela m'midzi. Zitakalamba zinathela m'manja mwa atate athu na amalume athu, ndipo tsiku lina zinangoima.

Masiku ano acinyamata ayamba kuzikumbukila, ndipo ici ni cinthu cabwino. Cimene nikana ni mmene tiziukitsila. Munthu aikoka m'maudzu, aipukuta na nsanza, athila petulo wa m'botolo, afaka pulagi yatsopano, ndiye ayamba kucaya kiki. Mnzake ali pambali na foni, ajambula. Thukuta litayamba kutsika, injini itsokomola, ilila, utsi udzala payadi, onse akuwa. Madzulo vidiyo ili pa Facebook na TikTok: yauka! Koma palibe amene abwelako pakapita milungu iwili kudzatiuza kuti njinga ija yabwelela kuseli kwa nyumba, ndipo manje yafa zenizeni.

Nikamba mosabisa. Injini ya two-stroke imene yakhala zaka osayenda ifunika sipanala coyamba, kiki pambuyo. Itseguleni mpaka pa kilanki musanailize. Ngati mukalibe ndalama olo mtima wocita zimenezo, isiyeni pamene ili. Yayembekeza kale zaka 15, miyezi itatu siingaiphe. Cimene cingaiphe ni phazi lanu.

Yanganani mmene injini iyi inapangidwila. Injini ya motoka, olo ya Boxer imene muona m'tauni, ni four-stroke. Pansi pake pali oilo wambili amene pampu imwaza ku kilanki na ku mabeling'i. Two-stroke ni ina. Oilo amene muthila pa kabowo ka m'mbali ni wa magiya na clutch cabe, safika ku kilanki. Cipinda ca kilanki cilibe dziwe la oilo, cifukwa ni njila ya mpweya na petulo. Pisitoni ikakwela, ikoka mpweya na petulo kucokela ku kabuleta kulowa m'cipinda ici. Ikatsika, izikankha kupitila m'timipata ta m'mbali mwa silinda kuti zifike pamwamba, pamene pulagi iziyatsa. Moto uphulika pa kuzungulila kulikonse kwa kilanki. Injini ikazungulila ka 6,000 pa mineti, ndiye kuti moto uphulika ka 100 pa sekondi imodzi. Ndipo mafuta okha amene pisitoni na mabeling'i a kilanki alandila ni kaoilo kang'ono ka 2T kamene kabwela pamodzi na petulo, kanyowetsa zitsulo, kenako kapsa.

Manje ganizilani injini yotele itaima. Kaoilo kaja kanatsikila pansi caka coyamba, zitsulo zinatsala maliseche. Cipinda ca kilanki sicitsekeka konse, cipuma mpweya wa panja kupitila ku kabuleta na ku ekizozi. Nyengo ya mvula iliyonse, cinyezi cilowa. Dzimbili igwila timipila ta m'mabeling'i na tizitsulo ta pa big end, pamene mkono wa pisitoni ugwilana na kilanki. Kunja simungaone ciliconse. Kiki ingakhale yofewa bwinobwino. Koma mukailiza, dzimbili ija iyoyoka, isanduka mcenga, ndipo mcenga uyo uyenda na petulo kukwela ku silinda. Beling'i imene mukanasintha na ndalama zocepa ionononga pisitoni, silinda na kilanki nthawi imodzi.

Palinso ma oil seal. Ku mbali zonse ziwili za kilanki kuli mphete za labala zimene zitseka cipinda kuti mpweya usalowele pena paliponse. Labala ikakhala zaka osasebenza iuma na kung'aluka, monga patapata woiwalika padenga. Seal ya ku mbali ya clutch ikatha, injini iyamwa oilo wa magiya. Utsi uculuka, pulagi ida, ndipo magiya atsala alibe mafuta. Seal ya ku mbali ya magneto ikatha, nkhani ni yoipa kuposa apo. Injini iyamwa mpweya umene sunapite ku kabuleta. Mpweya uculuka, petulo acepa, moto utentha kupitilila. Mudzamva injini ikwela yokha olo dzanja mwalicotsa pa throttle. Cimene cinamiza ambili n'cakuti injini yotele imveka yopepuka, yaukali, ilila mokoma kwambili itatsala pang'ono kufa. Pisitoni ni ya aluminiyamu, itupa msanga kuposa citsulo ca m'silinda. Ikatentha ngako iboka pakati, olo igwila.

Ikagwila payadi, mwataya ndalama. Ikagwila muli pa liwilo la 80 pa Great East Road, tayala la kumbuyo liima pamenepo. Ngati dzanja silinafike pa clutch m'kuphethila kwa diso, mutsetseleka pa tala, ndipo kumbuyo kwanu kuli basi ya ku Chipata. Iyi ndiye nkhani imene vidiyo ya payadi siionetsa. Labala yaing'ono yokwana m'cikhatho ingakugonekeni m'cipatala.

Mdani waciwili wa njinga izi ni mau aja amene timva kwa amakanika ena: "Ni ma ring cabe, bwana." Amasula manati a pamwamba, acotsa silinda, afaka ma ring atsopano pa pisitoni yakale, atseka. Ola limodzi, nchito yasila. Injini ilila, cifukwa two-stroke ni yacifundo, ilila olo idwala. Mulipila, muyenda, ndipo mukabwelako na vuto adzakuuzani kuti njinga zakale ni tele. Osaika mlandu wonse pa iwo. Ni ife amene tinawaphunzitsa kuti tifuna yochipa, ndipo tiifuna lelo. Makanika akakuuzani kuti injini ifunika kung'ambidwa pakati na kuti mubwele pakapita milungu iwili, muyamba kumuyangana monga kawalala, ndipo muthamangila kwa mnzake amene alonjeza kuti ilila dzuwa lisanalowe. Akulu anakamba kale kuti fulumila anadya gaga.

Nanga nchito yeniyeni ni yotani? Iyamba na sopo. Tsukani injini kunja musanamasule nati olo imodzi, cifukwa dothi la kunja lifuna kulowa mkati. Ija foni imene mufuna kujambulila utsi, jambulilani ciliconse cimene mucotsa. Maboti a mbali iliyonse muwafake m'kapepala kawo, mulembepo. Masikulu a njinga za ku Japan adyeka mutu msanga na sikuludilaiva wamba, conco bwelekani impact driver. Flywheel icoka na puller yake. Amene aicotsa na nyundo apinda kilanki, ndipo kilanki yopindika idya beling'i iliyonse yatsopano imene mungafake.

Mukang'amba injini pakati, mabeling'i a kilanki na ma seal onse awili ni otaya. Osakambilana nawo. Nambala ya beling'i ilembedwa pa mphete yake, pitani nayo ku shopu, ndipo ngati pali C3 gulani ya C3, cifukwa ili na mpata wa kutupa ikatentha. Gwilani mkono wa pisitoni, muukoke na kuukankha molunjika. Kugwedela pang'ono cam'mbali kuloledwa, koma ukagwedela kukwela na kutsika, big end yatha. Kilanki ipite kwa amene ali na pulesi, afake zatsopano, ndipo aiyese na dial gauge kuti izungulila mowongoka. Pofaka mabeling'i atsopano, tenthetsani kesi, ziziletsani beling'i m'filiji. Aluminiyamu ifutukuka, citsulo cikhwinyata, beling'i ilowa yokha popanda kuimenya.

Silinda siyesedwa na cala olo na maso. Mpata wa pakati pa pisitoni na silinda pa injini izi ni wocepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ukakula, pisitoni igogoda na kung'aluka m'munsi. Ukacepa, igwila. Ngati silinda ili na mizele olo yatha, gulani pisitoni yokulilapo coyamba. Zibwela mokwelela, 0.25 mm, 0.50 mm, mpaka 1.00 mm. Pelekani pisitoni na silinda pamodzi kwa a engineering kuti aboole molingana na pisitoni imeneyo. Osalumpha kupita pa saizi yaikulu cifukwa ndiye ili m'shopu, pakuti saizi iliyonse ni moyo umodzi wa silinda yanu. Akasiliza kuboola, m'mphepete mwa timipata tuja mukhala lakuthwa monga lumo. Mufunika kupalapo pang'ono kuti ring isakodwe na kuthyoka. Kenako tsukani silinda na madzi otentha a sopo mpaka nsalu yoyela ituluke yoyela.

Tuzinthu tung'onotung'ono ndiye tupha injini zambili zokonzedwa kumene. Pamwamba pa pisitoni pali kamuvi, kayang'ana ku ekizozi. M'ngalande ya ring muli kacitsulo kotsekela, ndipo kamwa ya ring ifunika kukhala pamenepo kuti isazungulile na kugwela m'kampata. Tumawaya tugwila pini ya pisitoni tukhale twatsopano nthawi zonse. Kamodzi kakathawa, injini yonse yapita.

Musanathile petulo, pali mayeso amodzi amene ocepa cabe acita, koma ni ochipa kuposa onse. Tsekani pa ekizozi na pa kabuleta na zidutswa za chubu yakale, ponyelani mpweya pang'ono na pampu ya njinga yakapalasa, cam'ma 6 psi, ndipo yanganani geji kwa mamineti asanu. Ikatsika, thilani madzi a sopo pa ma seal na ma gasket. Pamene patuluka thovu ndiye pali boza. Mmene mupezela pankichala pa chubu, ndiye mmenenso mupezela imfa ya two-stroke isanafike.

Kabuleta nayo inatsekeka na petulo wakale amene anasanduka ulimbo. Imasuleni yonse, tsukani majeti na kupemelela mpweya, osawatokosa na waya cifukwa mukulitsa kabowo. Thanki yadzimbili itsukidwe, ndipo fakani kasefa pa paipi ya petulo. Siponji ya sefa ya mpweya mudzapeza inasanduka unga. Gulani ina, muinyowetse na oilo, cifukwa fumbi ya mu September ku Lusaka ikalowa m'silinda isebenza monga sandipepa. Ekizozi yodzala mwaye icotsa mphamvu, iyeletseni.

Tikambeko za oilo, pakuti apa ndiye pali ciphunzitso cabodza cimene cafala ngako. Kuyambila mu 1964, Yamaha inayamba kufaka kapampu kochedwa Autolube, kamene kayeza oilo wa 2T molingana na liwilo la injini na mmene mwatsegulila throttle. Ambili akapeza njinga yakale, cinthu coyamba ni kudula kapampu aka, ati sikadalilika, ndiye athila oilo wa motoka m'thanki mwa kuyelekeza cabe. Kawilikawili kapampu kalibe mlandu. Kafuna tumapaipi twatsopano, kucotsa mpweya pa kasikulu kake, na kukonza kebo kuti zizindikilo zake zilingane. Pa njinga zambili za Suzuki, pampu ipeleka oilo mwacindunji ku beling'i ya kilanki, conco mukaidula mwaipha na njala olo muthile oilo wambili bwanji m'thanki. Ngati pampu inafadi ndipo injini yanu ilola kusakaniza, yezani. Pa muyeso wa 25 kwa 1, malita 5 a petulo afuna mamililita 200 a oilo. Ndipo akhale oilo wa 2T. Amene ali na cizindikilo ca JASO FC olo FD atulutsa utsi wocepa. Oilo wa motoka sanapangidwe kuti azipsa, asiya phulusa pa pisitoni na kumata ma ring.

Mwasiliza zonsezi, manje cayani kiki. Jambulani ngati mufuna, mwaisebenzela. Koma matanki oyamba yendani mofatsa, osaikoka mpaka kumapeto, ilekeni itenthe na kuzizila kangapo. Cotsani pulagi muione. Ikakhala yofiilila monga nshawa zokazinga, zili bwino. Ikayela monga phulusa, imani, injini ili na ludzu.

Nidziwa zimene ena ayankha. Ati ndalama zonsezi, si bwino kungosunga na kugula Boxer olo TVS yatsopano? Ngati mufuna njinga ya bizinesi, yopeleka katundu m'tauni kuyambila m'mawa mpaka usiku, gulani yatsopano, sinikutsutsani. Four-stroke imwa petulo wocepa ndipo siifuna 2T. Koma ngati mwasankha kuukitsa yakale, njila yochipa ni imodzi cabe, kuikonza kamodzi. Wa ma ring alipila ma ring lelo, pisitoni mwezi wa mawa, kuboola silinda pambuyo pake, ndipo pothela pake alipila kilanki imene ikanapulumuka. Alipila kanayi kuti afike pamene wodekha anayambila.

Ena ati two-stroke iononga mpweya umene tipuma. Ni zoona, ndipo tisabise. Pali kanthawi pamene kampata kolowela na kotulukila tonse tuli totseguka, ndipo petulo wina athawa osapsa. N'cifukwa cake imwa ngako, ndiponso n'cifukwa cake malamulo a utsi m'maiko ambili anazicotsa pa mseu. Olo muikonze bwanji, siidzakhala yaukhondo monga four-stroke. Koma mtambo uja umene utsokomoletsa komboni yonse si cibadwa cake. Ucokela ku seal yakufa, ku oilo wa motoka, na ku kabuleta yosokonezeka. Amene adandaula za utsi afunika kukhala oyamba kufuna kuti injini izi zizikonzedwa moyenela.

Ndiye pali aja amene ati ni zitsulo cabe, tigulitse kwa a sikilapu. Wa sikilapu agula pa sikelo. Kwa iye, silinda imene ikali na ma saizi atatu a moyo ni cimodzimodzi na mbaula yobooka. DT na AG100 zinapangidwa kwa zaka zambili, AG100 kuyambila mu 1973, ndipo zipangizo zake zikali kupezeka. Mukaipeleka ku sikelo, mwagulitsa kalasi yonse pa mtengo wa talk time.

Nikuti kalasi cifukwa palibe injini ina imene iphunzitsa munthu bwino kuposa iyi. Silinda imodzi, mulibe mavavu, mungainyamule nokha kuiika pa thebulo. Koma zonse zimene makanika weniweni afunika kudziwa zilimo: kuyeza mpata, kumanga boti pa mphamvu yake, kuwelenga pulagi, kusunga ukhondo, kutsatila buku la injini. Mnyamata olo mtsikana amene wang'amba DT na kuibweza yamoyo saopanso jeneleta, chainsaw, makina odulila udzu olo injini ya boti ku Siavonga. M'dziko limene malaiti apita na majeneleta alila pa kantemba kalikonse, manja otele sagona na njala.

Makampani amene maina awo ali pa matanki aya anayambila pomwepa. Njinga yoyamba ya Yamaha, YA-1 ya mu 1955, inali two-stroke ya 125cc imene anatengela ku DKW RT 125 ya ku Germany. Anaiphunzila mosamala mpaka anapanga yao. Soichiro Honda anayamba monga kamnyamata kothandiza pa galaji ku Tokyo. Pamene anayamba kupanga ma ring a pisitoni, ambili anakanidwa cifukwa sanali bwino, ndipo iye, munthu wamkulu kale wa bizinesi yake, anabwelela m'kalasi ku Hamamatsu kukaphunzila za zitsulo. Mu 1946 anali kumangilila tumainjini twa two-stroke, totsala ku mawailesi a asilikali, pa njinga zakapalasa. Anthu awa sanali na matsenga. Anali kuyeza. Ife tili na injini zao kuseli kwa nyumba, mahala, ndipo cimene tiganiza kucita nazo ni kuzicaya kiki kuti anzathu atipatse ma like.

Conco ngati mupeleka njinga yanu kwa makanika, mufunseni mafunso atatu. Kodi ma seal a kilanki musintha? Kodi silinda muiyeza na ciani? Kodi zakale zimene mwacotsa munganionetse? Wodziwa nchito akondwela na mafunso aya, ndipo mumulipile bwino osanyinyilika, cifukwa otele ni ocepa. Amene akwiya, tengani njinga yanu muikankhe kubwelela kunyumba.

Ndipo ngati mufuna kuigwila nokha, sakilani madala amene anali kukonza njinga izi m'zaka za m'ma 1980 na 1990. Akali moyo, ena akhala pa mabenchi m'makomboni mwathu, palibe amene awafunsa kanthu. Agulileni cakumwa cozizila, khalani pansi, muwaonetse kilanki yanu. Safunsa anadya phula. Akadzapita madala awa, tidzatsala na mavidiyo a utsi na milu ya zitsulo, ndipo palibe amene adzadziwa kumene kamuvi ka pa pisitoni kayang'ana.